Kumanga njinga yokwera zitunda za ku Masambanjati: mafunso ndi mayankho kwa woyamba kumene

Aliyense amene anayendapo pa njinga kuchokera pa boma la Thyolo kudzera ku Makwasa kulowera ku Masambanjati akudziwa kuti mbali ina ya ulendowo amayenda wapansi, akukankha. Dziko la kuno ndi la zitunda ndi zigwa. Ukamatsetsereka pakati pa minda ya tiyi, mphepo ikukuomba kumaso, umadziwiratu kuti kutsogoloko kuli chikweza. N'chifukwa chake achinyamata ndi akuluakulu omwe amasirira njinga ya magiya, ija ambiri amaitchula kuti mautenibaiki. Yatsopano yolimba ndi yodula, ndipo yotchipa sichedwa kutha. Pali njira yachitatu, yosonkhanitsa zipangizo chimodzichimodzi n'kumanga nokha. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa mfundo imodzi: njinga yokhalitsa kuno ndi imene sipeya wake amapezeka pafupi, ndipo mwini wake amaidziwa bawuti iliyonse.

Kodi munthu amene sanagwirepo sipanala angathe kumanga njinga yekha?

Angathe, kaya ndi mnyamata, mtsikana, bambo kapena mayi. Njinga ilibe zobisika ngati injini ya galimoto. Zonse zili poyera, ndipo ukaziyang'anitsitsa umaona m'mene zikugwirira ntchito. Ngati munamatapo chubu kapena kubwezeretsa tcheni chitagwa, mwayamba kale. Kuika mahandulo, chishalo, mapedulo, matayala ndi mawaya a mabuleki mungazidziwe tsiku limodzi. Ntchito zitatu zokha ndi zimene ndi bwino kuzichita muli pambali pa mmisiri: kukhoma makapu a pakhosi pa felemu, kudula foloko ikatalika, ndi kuluka masipoko. Okonza njinga amene amakhala pansi pa mtengo m'misika yathu ndiwo aphunzitsi anu. Pitani mwaulemu, auzeni kuti mukufuna kuphunzira, ndipo alipireni ngati kuti ntchitoyo agwira okha, chifukwa nthawi imene akukuphunzitsaniyo ndi imene amapezera chakudya cha ana awo. Musachite manyazi kufunsa kawiri. Safunsa anadya phula.

Njinga ya m'mapiri ikusiyana pati ndi njinga yathu ya kabaza?

Kusiyana kwakukulu kuli pa magiya ndi mabuleki. Njinga yathu yakale, ya mtundu wa Humber kapena Hero, ili ndi giya imodzi. Mbale yake ikakhala ya mano 44 ndipo fuliwiro ya kumbuyo ya mano 18, mukapalasa kamodzi wilo limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, njinga n'kuyenda mamita oposa 5. Ku Nchalo kapena ku Bangula, kumene dziko lili see, zimenezo n'zabwino kwambiri. Pa chitunda, kukankha mamita 5 ndi kupalasa kumodzi kumaposa mphamvu ya mwendo wa munthu. Njinga ya m'mapiri ikakhala ndi kambale ka mano 24 kutsogolo ndi giya ya mano 34 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumaiyendetsa mita imodzi ndi theka yokha. Mumayenda ngati bilimankhwe, koma muli pachishalo ndipo mawondo sakuwawa. Potsika napo pali kusiyana. Mabuleki a ndodo ogwira pa limu yachitsulo amaterera mvula ikangogwa, pamene limu ya aluminiyamu imagwirabe bwino ngakhale yanyowa.

Kodi imeneyi si njinga ya masewera ya anthu olemera?

Mbiri yake ikunena zosiyana. M'zaka za m'ma 1970, achinyamata a m'boma la Marin ku California ankafuna kutsetsereka m'misewu yafumbi ya m'mapiri akwawo, koma m'masitolo munalibe njinga yoyenera ntchitoyo. Ankatola mafelemu akale a Schwinn a m'ma 1930 ndi 1940, n'kuikapo magiya ochotsa pa njinga zina, mahandulo otambalala ndi mabuleki amphamvu. Mpikisano wawo wotchedwa Repack unayamba mu 1976, ndipo dzinalo linabwera chifukwa girisi wa mu habu ya kumbuyo ankapsa ndi kutentha kwa buleki, moti akafika pansi ankayenera kuikamo wina. Mu 1977 Joe Breeze anapanga felemu yopangidwira ntchito imeneyi, ndipo posakhalitsa Gary Fisher, Charlie Kelly ndi Tom Ritchey anayamba kugulitsa njinga zotere. Kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper mu 1981, ndipo mu 1996 masewerawa analowa mu Olympics ku Atlanta. Choncho njingayi inabadwa m'manja mwa anthu otolera zipangizo zakale, monga mukufuna kuchitira inu. Alendo okacheza ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, amaikwera posangalala pakati pa tiyi. Koma mlangizi wa zaumoyo woyendera midzi, mphunzitsi, mwana wa sekondale yoyendera ndi mayi wothamangira kuchipatala cha Malamulo amaifuna kuposa mlendoyo.

Chotsika mtengo n'chiti, kumanga kapena kugula yomangamanga?

Ambiri amaganiza kuti kumanga kumatchipa nthawi zonse. Sizili choncho. Mukagula chilichonse chatsopano, chimodzichimodzi, mudzalipira zambiri kuposa wogula njinga yathunthu, chifukwa fakitale imagula zipangizo mopikula. Sipeya yense wa njinga ya magiya amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera nayo. Njira yosaboola m'thumba ndi kugula njinga yakaunjika ya mtundu wabwino, ngakhale yakufa, n'kuiphwasula yonse. Zolimba muzitsuke ndi kuzisunga, zotha monga tcheni, mawaya, mabala a mabuleki, maberingi ndi machubu mugule zatsopano. Ubwino wina wa kumanga ndi wakuti mumalipira pang'onopang'ono: malipiro a ku esiteti akatuluka mwezi uno mwagula felemu, mukagulitsa nthochi mwagula mawilo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndiyambe kugula chiyani, ndipo ndidziwa bwanji kuti n'chabwino?

Yambani ndi felemu, chifukwa ndiyo imalamula kukula kwa china chilichonse. Ipukuteni ndi kansalu muione padzuwa. Fufuzani ming'alu paliponse pamene mapaipi anawotcheredwa, makamaka pakhosi, pa ekiselo ya mapedulo ndi pamene pamalowa wilo la kumbuyo. Yendetsani chala kunsi kwa mapaipi awiri ochokera pakhosi. Mukamva chotupa kapena kuona utoto wamakwinya, njingayo inagunda chinthu kutsogolo, ndipo isiyeni. Kuti muone ngati ndi yowongoka, mangani ulusi kumbuyo mbali imodzi, muuzungulitse pakhosi, mubwerere nawo kumbuyo mbali inayo. Mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo ukhale wofanana mbali zonse. Onaninso kuti paipi ya chishalo ikutuluka, chifukwa ina imamatirira ndi dzimbiri mpaka kalekale. Za kukula, imirirani felemu ili pakati pa miyendo mawilo ali pomwepo, ndipo pakhale mpata wa masentimita 5 kapena kuposa. Chomaliza, tembenuzani felemu muwerenge nambala yake kunsi. Ikakhala yopalidwa, musagule. Ikakhalapo, ilembeni m'kalata yogulitsirana, pamaso pa mboni kapena a nyakwawa.

Felemu yabwino ndi yachitsulo kapena ya aluminiyamu?

Kwa ife akumudzi, yachitsulo. Ya aluminiyamu ndi yopepuka ndipo sichita dzimbiri, koma ikang'aluka imafuna makina apadera owotcherera amene sapezeka m'misika ing'onoing'ono, ndipo ngakhale iwotcheredwe pamalopo pamakhala pofooka. Yachitsulo ikapindika pang'ono imawongoleka, ndipo ikathyoka wowotcherera waluso amailumikiza. Mukaona chizindikiro cha Cr-Mo kapena nambala 4130 pa paipi, mwapeza chitsulo chabwino, chopepuka koma cholimba. Mdani wake ndi chinyontho. Kuno chiperoni chimanyowetsa zinthu ngakhale mu June ndi July, choncho musanamange thirani oyilo pang'ono mkati mwa mapaipi, muigubuduze kuti afike ponseponse.

Kodi sipeya aliyense wa njinga amalowa pa felemu iliyonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndalama za oyamba kumene zimatayikira. Tayala la 26 la njinga ya m'mapiri limakhala pa limu ya mamilimita 559. La 27.5 ndi la 584, la 29 ndi la 622, pamene la 28 la njinga ya kabaza ndi la 635. Manambalawa analembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo akasiyana tayalalo silingalowe, ngakhale mulikakamize ndi supuni. Sankhani 26, chifukwa matayala, machubu ndi malimu ake ndiwo amapezeka mosavuta m'dziko muno. Mpata wa wilo la kutsogolo ndi mamilimita 100, ndipo wa kumbuyo pa njinga zambiri zotere ndi 135, zakale kwambiri 130. Khosi la foloko limakhala la inchi imodzi kapena la inchi 1 1/8, lina la mazinga, lina lopanda mazinga. Paipi ya chishalo ili ndi misinkhu yambiri, monga 25.4, 26.8, 27.2 ndi 31.6, ndipo kusiyana kwa theka la milimita n'kokwanira kuti iziterera kapena ing'ambe felemu. Mahandulo nawo pakati pake amakhala a 25.4 kapena 31.8. Lembani miyeso yonseyi m'kope. Popita kukagula, nyamulani chipangizo chakalecho, ngakhale felemu yeniyeniyo, mukayeze pomwepo ndalama musanatulutse.

Zipangizozi ndikazipeza kuti?

Zazing'ono monga machubu, mawaya, maberingi ndi mabala a mabuleki yambani kufunsa kwa okonza njinga akwanu ndi m'mashopu a pa boma, ku Bvumbwe kapena ku Luchenza. Zazikulu monga felemu, mawilo ndi zosinthira magiya zimafuna ulendo wa ku Limbe kapena ku msika wa Ndirande, kumene sipeya wakale amaunjikana. Ku Zomba, Africycle inadziwika ndi kukonza ndi kugulitsa njinga zogwiritsidwapo ntchito zochokera ku Canada. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, mutumizireni chithunzi ndi miyeso pa WhatsApp, osangoti andigulireko magiya. Chenjerani ndi zonamizira. Dzina la Shimano limadindidwa pa zinthu zambiri zimene kampaniyo sinapange. Chenicheni chimakhala ndi nambala ya mtundu wake yodindidwa bwino, ndipo mukachigwedeza sichimalira gwedegwede. Chakale chenicheni chimaposa chatsopano chonamizira.

Ndikufunika zida zotani?

Zokhala zanuzanu ndi zochepa: ma Allen key a 4, 5 ndi 6, masipanala a 8, 9, 10 ndi 15, shifitingi imodzi, pulayala yodula waya bwino, sikuludiraiva, tepi yoyezera, pampu ndi chitini cha girisi. Zapadera, zimene mudzagwiritsa ntchito kamodzi pa chaka, mungabwereke kapena kusonkherana ndi anzanu: chodulira tcheni, chozulira mikono ya mapedulo, chomasulira fuliwiro, kasipanala ka masipoko ndi masipanala opyapyala a makoni. Hamala ndi tchizulo zisungeni kutali. Zimachotsadi chinthu chokanirira, koma zimaononga mazinga, ndipo mazinga a pa felemu akatha, felemuyo yatha. Choimikira njinga simukusowa kugula. Chingwe chomangirira pa nthambi ya mango kapena pa phaso la khonde chimaipachika bwino, wilo n'kumazungulira momasuka. Yalani thumba pansi kuti timipira ta maberingi tisasowe m'fumbi.

Pomanga, chimayamba n'chiyani ndipo chimatsiriza n'chiyani?

Tsukani felemu ndi kupaka girisi pa mazinga onse ndi mkati mwa paipi ya chishalo. Ikani chishalo kuti mupeze popachikira. Kenako mangani ekiselo ya mapedulo, makapu a pakhosi ndi foloko, mahandulo, ndiyeno mawilo atavala kale matayala ndi fuliwiro. Zikatero ikani mbale ndi mikono yake, mapedulo, mabuleki, zosinthira magiya, tcheni, ndipo mawaya akhale omaliza. Maberingi omwazika muwawerenge: habu ya kumbuyo imalandira timipira 9 ta 1/4 mbali iliyonse, ya kutsogolo 10 ta 3/16, ndipo ekiselo ya mapedulo 11 ta 1/4. Pomanga beringi iliyonse, funani pamene ikuzungulira mosakakamira koma yosagwedera. Mukamanga kwambiri imadyeka, mukalekerera imaphwanya kapu. Ambiri amakhulupirira kuti bawuti yomangidwa ndi mphamvu zonse ndiyo yotetezeka. Mabawuti aang'ono a pa mahandulo amafuna mphamvu ya dzanja limodzi logwira kiyi pafupi, ndipo muziwamanga mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Paipi ya chishalo ili ndi mzere wosonyeza malire, ndipo mzerewo uzikhala wobisika mkati mwa felemu.

N'chifukwa chiyani pedulo ya kumanzere ikukana kulowa?

Chifukwa mazinga ake ndi otembenuza. Pedulo ya kumanja, yolembedwa R, imamangidwa mozungulira ngati muvi wa wotchi. Ya kumanzere, yolembedwa L, imamangidwa mobwerera. Anazipanga dala kuti kupalasa kusamazimasule. Pa ekiselo ya mapedulo zili mosemphana: pa njinga zambiri kapu ya kumanja, mbali ya tcheni, ndiyo ya mazinga otembenuza. Lamulo lopulumutsa ndi ili: chilichonse cha mazinga chiyambeni ndi zala, chizungulire katatu kapena kanayi mosavuta, sipanala ibwere pambuyo. Chikakana pa zala, chalowa mopingasa kapena mwasemphanitsa mbali. Mkono wa aluminiyamu umatha mazinga ndi kukakamiza kamodzi kokha.

Kodi magiya ambiri ndiye njinga yabwino?

Chiwerengero chimanyenga. Njinga ya magiya 21 ili ndi mbale 3 kutsogolo ndi magiya 7 kumbuyo, ndipo ambiri mwa 21 amenewo amangobwerezana. Chofunika pa zitunda zathu ndi kupepuka kwa giya yotsikitsitsa. Fuliwiro ya mano 14 mpaka 28 ndi yofala, koma mukapeza ya 14 mpaka 34 tengani imeneyo, ndipo kambale kakang'ono ka kutsogolo kakhale ka mano 24 kapena 22. Khalani pa magiya 6, 7 kapena 8 kumbuyo. Onsewa amagwiritsa ntchito tcheni cha mtundu umodzi, chimene chimapezeka ndiponso n'chokhuthala. Njinga zamakono za magiya 11 kapena 12 zimafuna tcheni chopyapyala chodula, ndipo chikaduka muli ku Thekerani mudzadikira nthawi yaitali. Tcheni cha njinga ya kabaza n'chonenepa kwambiri, sichingadutse pakati pa magiya. Dziwaninso mtundu wa habu yanu: ina imalandira fuliwiro yopota ndi mazinga, ina kaseti yolowetsa m'mizere, ndipo ziwirizi sizisinthana.

Ndamanga, koma tcheni chikudumpha ndi kugwa. Ndalakwitsa pati?

Yambani ndi kutalika kwa tcheni. Chizungulitseni pa mbale yaikulu kutsogolo ndi giya yaikulu kumbuyo, osadutsitsa mu chosinthira, ndipo pamene chakumana onjezerani inchi imodzi, ndiko kuti mfundo ziwiri. Kenako imani kumbuyo kwa njinga muone ngati chosinthira chalendewera choongoka. Chikapendekera ku masipoko, kachitsulo kopachikirako kapindika, ndipo palibe sikuluwu imene ingakonze zimenezo musanakawongole. Pa chosinthira pali timasikuluwu tiwiri. Ka H kamaletsa tcheni kugwera kunja kupitirira giya yaing'ono, ka L kamaletsa kugwera m'masipoko kupitirira giya yaikulu. Ka L n'kofunika kwambiri, chifukwa chosinthira chikalowa m'masipoko pa chitunda chimathyoka pamodzi ndi wilo. Mukakonza malirewo, kungani waya. Tcheni chikamachedwa kukwera ku giya yaikulu, waya walefuka. Chikamachedwa kutsika, wakungika kwambiri kapena muli dothi m'chikopa chake. Ngati zonse zili bwino koma chikudumphabe mukapalasa mwamphamvu, mwaika tcheni chatsopano pa mano otha. Posintha giya, pepukitsani mwendo kwa kamphindi, ndipo sinthani chitunda chisanakugwireni.

Mabuleki abwino ndi ati? Nanga ndi zoona kuti ya kutsogolo imagwetsa?

Ngati pali pamene simuyenera kuumira ndalama, ndi apa. Phiri la Thyolo limapitirira mamita 1,400, ndipo msewu wodzera ku Thekerani umatsika mpaka ku Muona, m'chigwa cha Shire. Munthu wopanda mabuleki odalirika pa mtsetse wotere waika moyo wake pa chiswe, ndipo kuponda tayala ndi patapata sikuimitsa njinga. Kwa woyamba, ma V-brake pa limu ya aluminiyamu ndiwo oyenera: ndi amphamvu, osavuta kukonza, ndipo mabala ake amapezeka. Amafuna zogwirira za mtundu wake, chifukwa za mabuleki akale zimakoka waya wochepa. Bala ligunde pa limu lonse, lisakhudze tayala. Mabuleki a disiki amachita bwino m'matope, koma amafuna felemu, foloko ndi mahabu opangidwira zimenezo. A waya mungawakonze nokha, pamene a mafuta akadontha amafuna zida ndi mafuta ake enieni. Za buleki ya kutsogolo, anthu ena amaichotseratu poopa kugwa chamutu. Kumeneko n'kudzivula chitetezo, chifukwa poima thupi lonse limatsamira kutsogolo, ndipo wilo la kutsogolo ndilo limagwira pansi kwambiri. Ya kumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Chimagwetsa ndi kuifinya modzidzimutsa. Gwirani zonse ziwiri mofatsa, bwezani thupi kumbuyo kwa chishalo, ndipo chepetsani liwiro musanafike pokhota. Pa mtsetse wautali muzigwira ndi kutaya, kapena kuima pang'ono, kuti limu isatenthe mpaka kuphulitsa chubu.

Nanga njinga za masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo si ndizo zeni zeni?

Zodula za mpikisano zilidi ndi mashoko ogwira ntchito. Zotchipa zonyezimira zija, za sipuling'i yaikulu pakati, ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zimalemera, zimameza mphamvu yanu pokwera chitunda, mfundo zake zimayamba kugwedera msanga, ndipo pa zambiri palibe pomangirira keliyala. Foloko yachitsulo yopanda sipuling'i ndi tayala lonenepa la mainchesi 2 zimakwanira misewu yathu. Tayalalo musalipope mpaka kuuma gwa ngati mwala. Lofewerako pang'ono limagwira bwino pa miyala ndi pa katondo wonyowa. Malire a mpweya analembedwa m'mbali mwake.

Mawilo ndiluke ndekha?

Pa njinga yoyamba, ayi. Gulani oluka kale kapena mupatse mmisiri aluke inu mukuonerera. Sankhani limu ya makoma awiri ndi masipoko 36, makamaka kumbuyo. Chimene muyenera kuphunzira msanga ndi kuwongola. Zungulitsani wilo mukuyang'ana pa bala la buleki. Limu ikapendekera kumanja, kungani sipoko yochokera kumanzere kwa habu ndi kumasula pang'ono ya kumanja, kotala ya mzungulo nthawi imodzi. Sipoko ikaduka ibwezereni sabata yomweyo, chifukwa zinzake zimasenza katundu wake n'kuyamba kuduka motsatizana. Musaiwale lamba wophimba mitu ya masipoko mkati mwa limu. Kuponja kobwerezabwereza kwa mbali ya mkati ya chubu kumachokera pamenepo.

Kodi oyilo wakuda wochotsa mu injini ndi wabwino pa tcheni?

Amapezeka mosavuta, koma ali ndi tizidutswa ta zitsulo ndi mwaye, ndipo akasakanikirana ndi dothi lofiira la kuno amasanduka phala lopala mano. Mafuta ophikira nawo amauma n'kumata. Oyilo watsopano wa injini kapena wa makina osokera ndi wabwino. Tsukani tcheni ndi palafini, chiume, donthezani kadontho pa mfundo iliyonse, kenako pukutani kunja konse ndi sanza. M'dzinja chitani zimenezi kawirikawiri, ndipo musaviike mahabu mumtsinje potsuka. Oyilo asafike pa limu kapena pa disiki. Tcheni chimatalika chikamatha, ndipo mungachiyeze ndi rula: mfundo 24 za chatsopano zimakwana mainchesi 12 ndendende. Zikapitirira ndi 1/16 ya inchi, gulani china. Mukadikira mpaka 1/8, mudzagula ndi fuliwiro yomwe.

Kodi ingasenze nthochi kapena thumba la chimanga?

Ingasenze, koma mwa muyeso. Dera lino linatchuka ndi nthochi, ndipo n'zomveka kufuna kuti njinga izibweza ndalama zake. Keliyala wa njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, anapangidwira makilogalamu 100, chifukwa felemu ndi mawilo ake anazipanga poganizira katundu. Makeliyala ambiri a njinga za m'mapiri amalembedwa makilogalamu 25. Pa felemu yachitsulo, wowotcherera angakupangireni wolimba womangirira pa mabowo a felemu, osati wolendewera pa paipi ya chishalo. Ngakhale zitero, kumbukirani kuti wilo la kumbuyo la njinga ya magiya ndi lofookerako, chifukwa masipoko a mbali ya tcheni amaima chilili kuti apereke malo kwa fuliwiro, ndipo ekiselo yake imapindika ikalemedwa. Katundu wa kusukulu, wa kumsika ndi mkoko umodzi wa nthochi zili bwino. Ngati ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ndi matumba a makilogalamu 50 awiriawiri, njinga ya kabaza isachoke pakhomo.

Ndidziwa bwanji kuti yatha ndipo ndingaikwere?

Inyamuleni pang'ono muigwetse pa matayala ake, mumvetsere ngati pali cholira. Gwirani buleki ya kutsogolo muikankhe uku ndi uku, ndipo pakhosi pasamveke kugogoda. Panani wilo la kutsogolo ndi mawondo muyese kupotoza mahandulo, asasunthe. Finyani mabuleki onse ndi mphamvu zanu zonse kakhumi: waya asaterereke, ndipo chogwirira chisafike pa handulo. Onani kuti manati a mawilo ndi omangika. Chishalo chikhale pamene mwendo umaongoka chidendene chili pa pedulo ya pansi. Mukatero mupite nayo kwa mmisiri uja aione ndi maso ake, chifukwa wamanga yekha saona chimene waiwala. Ulendo woyamba ukhale wa pabwalo la mpira, wachiwiri wa kachitunda ka pafupi ndi kwanu, ndipo patatha sabata mubwereze kumanga mabawuti ndi kukunga mawaya, popeza atsopano amatamuka. Ikani belu, nyali ndi zonyezimira, chifukwa nkhungu ya chiperoni imabisa munthu pamsewu, ndipo helemeti muione ngati mbali ya mtengo wa njingayo. Misewu ya mkati mwa maesiteti ili ndi eni ake, choncho pemphani kwa alonda musanadutse. M'kathumba ka pansi pa chishalo muzikhala Allen key ya 5, sipanala ya 15, zigamba, solushoni ndi pampu. Tsiku lina dzuwa likulowa, muli pakati pa Makwasa ndi kwanu, njinga idzayamba kulira penapake. Mudzatsika, n'kumvetsera, n'kupita pa bawuti yomweyo, chifukwa munaimanga ndinu.